Kapangidwe ka Sefa ya Migolo Iwiri ya Aquaponics ya Pakhomo

Anthu ambiri amene ayamba kuweta nsomba ndi kulima ndiwo zamasamba m'madzi amodzi omwewo, ulimi umene umatchedwa aquaponics, amagwa pamalo amodzi. Mwezi woyamba zonse zimayenda bwino. Pofika mwezi wachiwiri madzi ada, mizu ya letesi imene inali yoyera mbee yakutidwa ndi matope oterera, ndipo m'mamawa nsomba zili pamwamba kukamwa kuli yasa. Ena amathamangira kukagula pampu yaikulu, ena amataya madzi onse n'kuthira atsopano, koma pakatha sabata ziwiri vuto labwereranso. Gwero lake ndi ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimene zikuzungulira m'madzi popanda pozikola.

Sefa ili ndi ntchito ziwiri zosiyana, n'chifukwa chake migolo ikhale iwiri. Mgolo woyamba umadikhitsa nsenga kuti muzitaye zisanawole. Wachiwiri ndi nyumba ya mabakiteriya amene amasandutsa amoniya, poizoni amene nsomba zimatulutsa popuma, kukhala nitrite kenako nitrate, chakudya cha mbewu. Mukaphatikiza ntchito ziwirizi mumgolo umodzi, matope amakwirira mabakiteriya aja ndipo sefa imasanduka dzala.

Miyeso ili m'munsimu ndi ya thanki ya nsomba ya malita 1,000, yokhala ndi makumba, chambo, chilunguni kapena milamba yolemera makilogalamu 10 yonse pamodzi, yodya magalamu 100 mpaka 150 a chakudya patsiku.

## Zipangizo

- Migolo iwiri ya pulasitiki yabuluu ya malita 200
- Chidebe chimodzi cha malita 20, ndi china chotungira matope
- Paipi ya PVC ya mamilimita 50, imodzi ya mamita 6
- Paipi ya mamilimita 40, mita imodzi ndi theka
- Ma tank connector (zolumikizira paipi pabowo la thanki kapena mgolo) asanu a mamilimita 50 ndi awiri a mamilimita 40
- Ma elbow (zolumikizira zokhota) asanu ndi ma tee (zolumikizira zooneka ngati T) atatu a mamilimita 50, ma elbow awiri a mamilimita 40
- Ma ball valve awiri a mamilimita 40, amene akhale mipopi yotayira matope
- Guluu wa mapaipi, tepi yoyera ya maplamba, ndi chubu chakale cha tayala la galimoto
- Beseni lapulasitiki lolowa mumgolo
- Zitsekerero zapulasitiki za mabotolo, zidebe zinayi
- Matumba a anyezi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi neti ya mthunzi mamita anayi
- Pampu ya madzi yolembedwa malita 2,000 pa ola
- Pampu ya mpweya ya malita 15 mpaka 20 pa mphindi, timapaipi take ndi miyala inayi yotulutsa thovu
- Mabuloko kapena njerwa zowotcha
- Mankhwala oyezera pH (muyeso wa asidi m'madzi), amoniya, nitrite ndi nitrate

Zida zogwirira ntchito ndi drill ndi hole saw (choboolera mabowo aakulu ozungulira), sowo ya zitsulo, mpeni wakuthwa, sandipepa, tepi yoyezera, maka, ndi paipi yoonekera mkati ija amisiri omanga nyumba amayezera levulo.

Pogula migolo funsani chimene inasungamo. Ya mafuta ophikira, madzi a zipatso kapena zakudya zina ndiyo yabwino. Ya mankhwala a kumunda, penti kapena mankhwala a kufakitale isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo chotani, chifukwa pulasitiki imamwa mankhwala ndipo kutsuka sikuwachotsa onse. Wogulitsa akayamba kuzengereza poyankha, mgolowo si wanu. Mapaipi a kopa ndi a chitsulo chokutidwa ndi zinki asakhudze madzi a nsomba.

## 1. Yambani ndi milingo musanaboole kalikonse

Madzi ayenera kuyenda okha kuchokera m'thanki ya nsomba, kulowa mumgolo woyamba, wachiwiri, m'mabedi a mbewu, mpaka m'thanki yapansi. Pampu ikhale m'thanki yapansiyo n'kumakweza madzi oyera kubwerera ku nsomba. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa: amamiza pampu m'thanki ya nsomba kuti izikankhira madzi ku sefa. Ndowe ya nsomba imatuluka ngati kachingwe kolemera kamene kamamira msanga, koma ikadutsa m'pampu imaperedwa n'kukhala fumbi losadikha ngakhale mutadikira tsiku lonse.

Lembani mzere pathanki ya nsomba masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pamlomo wake. Mzere umenewu tiutche A, ndipo ndi pamene madzi a nsomba azilekezera. Milingo ina yonse iwerengedwa kuchokera pa A:

- polowera madzi mumgolo woyamba: masentimita 15 pansi pa A
- potulukira mumgolo woyamba ndi polowera mumgolo wachiwiri: masentimita 5 pansi pa A
- potulukira mumgolo wachiwiri: masentimita 10 pansi pa A
- milomo ya migolo yonse iwiri: masentimita 10 pamwamba pa A

Mlomo wa mgolo ukakhala pansi pa A, tsiku limene paipi idzatsekeke madzi adzasefukira pansi mpaka pampu itaumitsa thanki yapansi yonse. Musayeze ndi maso kapena kuchokera pansi, pakuti pabwalo sipakhala posalala. Thirani madzi m'paipi ya levulo ija, mbali imodzi muigwire pa A, ina pamgolo, n'kulemba ndi maka.

## 2. Mangani poikapo migolo

Mgolo wodzaza umalemera pafupifupi makilogalamu 200. Sinjani dothi bwinobwino, ngati n'kotheka thirani kasilabu, kenako yalani mabuloko okwera masentimita 25 kapena kupitirira, malinga ndi milingo yanu. Siyani mpata pakati pa mabuloko woti paipi yotayira matope idutse, ndipo mpopi wake ukhale pamalo oti chidebe chilowe pansi pake. Ambiri amakumbukira za chidebe atamata kale mapaipi.

Malowo akhale pamthunzi. Dzuwa limameretsa ndere, limatenthetsa madzi mu Okutobala, ndipo mabakiteriya amene mukufuna sakonda kuwala.

## 3. Dulani, tsukani, boolani

Dulani pamwamba pa mgolo uliwonse mozungulira, koma chivindikirocho musataye. Tsukani ndi madzi otentha ndi burashi, muutsukuluze kangapo, muuyanike padzuwa. Ngati mwagwiritsa ntchito sopo pochotsa mafuta, tsukuluzani mpaka thovu litatheratu.

Yezani mazinga a tank connector yanu musanasankhe hole saw. Ya paipi ya mamilimita 50 imafuna bowo lokulirapo kuposa 50, ndipo makampani amasiyana kapangidwe. Yesani kaye pachidutswa cha pulasitiki. Bowo likhale loti connector ilowe mothina. Pewani kuboola pamizere yotukuka ya mgolo, ndipo palani m'mphepete mwa bowo ndi sandipepa kuti musatsale timinga.

Mgolo uliwonse ukhale ndi mabowo atatu: lolowera ndi lotulukira moyang'anizana, ndi lotayira matope pansi penipeni.

Khoma la mgolo ndi lopindika pamene connector ndi yafulati, ndiye pamenepa pamakonda kudontha. Dulani mawasha awiri okulirapo kuchokera kuchubu chija, mutawatsuka, muike imodzi mkati ina kunja, n'kumanga ndi manja mpaka kulimba, kenako kuwonjezera pang'ono ndi sipanala. Mukamanga mopitirira, washa imafinyikira kunja ndipo kudontha kumakula. Guluu wa mapaipi sagwira papulasitiki ya migoloyi, ndipo silikoni amangomatirira kwa kanthawi n'kusupuka. Mukafuna kugwiritsabe ntchito silikoni, akhale wa magalasi a nsomba. Wa kubafa amakhala ndi mankhwala opha nkhungu.

## 4. Paipi yokweza ndowe m'thanki ya nsomba

Ndowe zimakhala pansi, choncho bowo lapamwamba lokha limangotulutsa madzi oyera n'kusiya litsiro. Boolani thanki pa A ndi kuikapo connector. Mkati mwa thanki lumikizani tee moimirira. Kunsi kwake ikani paipi yotsika mpaka kutsala sentimita imodzi kapena ziwiri kuti igunde pansi. Kumwamba kwake ikani kachidutswa kotuluka pamwamba pa madzi, ndipo kakhale kotsegula.

Kukamwa kotsegulako musakutseke ngakhale pang'ono. N'kumene kumalowetsa mpweya kuti paipi isayambe kuyamwa madzi mpaka thanki kuuma. Kunsi kwa paipi chekani timipata ndi sowo, totalika masentimita atatu, kapena vekani kaneti ka mabowo akuluakulu kuti ana a nsomba asakokedwe. Neti ya timabowo ting'onoting'ono imatsekeka tsiku limodzi.

Paipi yobweretsa madzi kuchokera kupampu ilozetseni m'mbali mwa khoma kuti madzi azizungulira pang'onopang'ono. Akamazungulira, ndowe zimasonkhana pakati, ndipo paipi yokweza ija ikakhala pamenepo imazitola zonse.

## 5. Mgolo woyamba: wodikhitsa nsenga

Chotsani pansi pa chidebe cha malita 20 kuti chikhale ngati chitoliro chachikulu. Chotsaninso chogwirira chake ngati n'chachitsulo. Chidebechi chipachikidwa pakati pa mgolo, mlomo wake uli pamwamba pa madzi, kunsi kwake kuli m'madzi. Chipachikeni ndi kapaipi kopyapyala kopingasa pamlomo wa mgolo, kodutsa m'mabowo awiri a chidebe.

Paipi yochokera ku nsomba itsike ndi ma elbow awiri, ilowe mumgolo pabowo lolowera, idutse pabowo la m'khoma la chidebe, ithere pakati pa chidebe ndi elbow yoloza kumwamba. Kukamwa kwa elbow kukhale masentimita atatu kapena anayi pansi pa madzi.

Chimene chimachitika n'chakuti madzi amatumphukira m'mwamba, amasowa kolowera, n'kutembenuka kutsika m'chidebe mwaulesi. Akafika kunsi kwa chidebe amayenera kukhotanso kukwera kunja kwake kupita kubowo lotulukira. Nsenga zolemera zimalephera kukhota kachiwiriko, zimangopitirira mpaka pansi. Chinsinsi chonse chagona pa kufatsa kwa madzi. Mukayang'ana pamwamba pa mgolo kunja kwa chidebe, madzi azioneka ngati sakuyenda n'komwe. Mukaona akuwinduka, pampu yachuluka mphamvu.

Pabowo lotulukira, mkati mwa mgolo, ikani tee moimirira kuti madzi azitengedwa masentimita angapo pansi pa nkhope ya madzi. Zoyandama, monga chakudya chosadyedwa, zimatsala pamwamba n'kumaziwola ndi kasefa ka tiyi.

Pansi lumikizani elbow, paipi ya mamilimita 40 ndi mpopi wake. Musachepetse paipi imeneyi pofuna kupulumutsa ndalama. Ya mamilimita 20 imatsekeka ndi matope ndi mamba a nsomba. Popeza pansi pa mgolo ndi pafulati, matope ena amakhalira m'mphepete. Njira yapafupi ndi kuboola bowo lotayira kufupi ndi khoma n'kupendeketsa mgolo pang'ono, masentimita awiri okha, kulozetsa kubowoko. Ena amaumba pansi ndi simenti kuti pakhale ngati fanulo, koma simenti yosapakidwa kanthu imakweza pH kwa milungu yambiri.

Mapaipi a mkati mwa mgolo musawamate ndi guluu. Angolowetsani mothina, chifukwa mudzafuna kuwazula potsuka. Guluu ndi wa mapaipi akunja okha.

## 6. Mgolo wachiwiri: nyumba ya mabakiteriya

Paipi yochokera mumgolo woyamba ilowe molunjika. Mkati ikani tee yotsegula kumwamba, ndi paipi yotsika mpaka masentimita 5 kuchokera pansi. Madzi azilowera pansi n'kumakwera kudutsa m'zinthu zimene mwaikamo.

Boolani beseni lija mabowo ambirimbiri a sentimita imodzi, ndi lina lalikulu lodutsa paipi yotsika, n'kulivundikira pansi pa mgolo. Limapanga mpata wa masentimita 10 mpaka 15 momwe nsenga zotsalira zimadikha, kufupi ndi mpopi wotayira. Pansi pa beseni ikani miyala iwiri ya mpweya. Iwiri inayo ndi ya m'thanki ya nsomba.

Mpweya si chokometsera ayi. Mabakiteriya a Nitrosomonas, Nitrobacter ndi Nitrospira amagwiritsa ntchito okosijeni wambiri posandutsa amoniya, ndipo okosijeni akachepa ntchito imaima, m'malo mwawo mumabwera mabakiteriya owoletsa. Pampu ya mpweya ikhale pamwamba kuposa madzi kuti magetsi akazima madzi asabwerere m'timapaipi n'kuiwononga.

Tsopano zodzazamo. Mabakiteriya amakhala momata pazinthu, choncho chofunika ndi malo ambiri omatapo amene madzi ndi mpweya zikudutsa. Timipira topangira ntchitoyi togula m'sitolo timapereka malo okwana masikweya mita pafupifupi 600 pa malita 1,000 alionse. Zitsekerero za mabotolo zimapereka 50 mpaka 100 okha. Nzaulere, sizitsekeka msanga, koma pazokha sizingakwanitse nsomba zambiri, n'chifukwa chake tikuwonjezera neti ya mthunzi imene ulusi wake uli ndi malo ochuluka.

Tsukani zitsekerero, chotsani zachitsulo zonse, muziike m'matumba a anyezi osadzaza kwambiri, n'kumanga kukamwa ndi chingwe cha nayiloni. Sanjani matumba pamwamba pa beseni. Dulani neti ya mthunzi m'zidutswa za theka la mita, muzifwanyefwanye momasuka, muziyale pamwamba pa matumba. Musazipanikize ngati mukulonga fodya. Zikathinana madzi amadzipezera kanjira kamodzi m'mbali mwa khoma, pakati ponse n'kuwola. Zonse pamodzi zikwane malita 100 mpaka 120, ndipo zikhale zomira. Zitsekerero zimayandama, ndiye zitsendereni ndi mwala umodzi kapena iwiri ya kwale. Dontheza viniga pamwala uliwonse kaye: ukachita thovu, ndi wa laimu, usalowe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapezeka pafupifupi khomo lililonse ndipo chimaoneka choyenera ntchitoyi, neti ya udzudzu. Musaigwiritse ntchito, ngakhale yakale yong'ambika. Manetiwa amanyikidwa m'mankhwala a gulu la pyrethroid, monga permethrin ndi deltamethrin, amene amakhalitsa zaka mu ulusi ndipo amapha nsomba ngakhale atasungunuka ochepa kwambiri. Masiponji otsukira mbale nawonso ena amakhala ndi mankhwala opha majeremusi.

Pabowo lotulukira, mkati, lowetsani kapaipi ka masentimita 20 kochekedwa timipata kuti neti isatseke kukamwa. Kunja lumikizani paipi yopita kumabedi a mbewu, amene ayenera kukhala pansi pa mlingo wa bowoli.

## 7. Yesani ndi madzi okha

Dzazani zonse, yatsani mapampu, musiye tsiku lathunthu popanda nsomba. Pukutani malo onse olumikizira ndi kansalu kouma, mubwerenso pakatha ola kudzaona ngati panyowa.

Kenako yezani liwiro la madzi. Nambala yolembedwa pabokosi la pampu ndi ya pamene siikukweza madzi m'mwamba. Ikamakweza mita imodzi ndi kanthu, mphamvu yake imatsika kwambiri. Tcherani chidebe cha malita 20 potulukira mgolo wachiwiri: chikadzaza m'masekondi 72, ndiye kuti akuyenda malita 1,000 pa ola, mlingo woyenera. Pa liwiro limeneli madzi onse a nsomba amasefedwa kamodzi pa ola, ndipo amakhala mumgolo woyamba pafupifupi mphindi 10. Akachuluka, ikani tee ndi kampopi papaipi ya pampu kuti ena azibwerera m'thanki yapansi.

Ponyani chakudya cha nsomba chonyowa chodzaza supuni m'thanki ya nsomba, muchilondole. Chikamatulukira mumgolo wachiwiri, chepetsani liwiro kapena tsitsani chidebe pang'ono.

Pomaliza zimitsani pampu ya madzi mwadala, muone ngati thanki yapansi ikulandira madzi onse otsetsereka popanda kusefukira. Kuli bwino kuziona masana muli pomwepo kusiyana ndi usiku magetsi atazima.

Vindikirani migolo ndi zivindikiro zija, muzimange kapena kutsendera. Mgolo wotsegula wodzaza madzi ndi ngozi kwa mwana wamng'ono, ndipo udzudzu umaswana m'madzi odekha a mumgolo woyamba momwe mulibe nsomba yodya mphutsi.

## 8. Kulera mabakiteriya

Sefa yatsopano ilibe moyo. Mabakiteriya amabwera okha, koma amatenga milungu itatu mpaka isanu kuti achuluke, ndipo mu Juni ndi Julayi, makamaka kumalo ozizira ngati Dedza ndi Mzuzu, amachedwa kuposa pamenepo chifukwa madzi akatsika pansi pa madigiri 17 amagwira ntchito mwaulesi.

Madzi a pampopi ali ndi klorini amene amapha mabakiteriya. Asiyeni mumgolo wotsegula masiku awiri, mpweya ukuwira, musanawathire. Madzi a pamjigo alibe klorini koma nthawi zambiri pH yake imakhala yokwera, ndiye ayezeni. Madzi a mvula amathandiza kuitsitsa.

Ikani ana a nsomba ochepa, asanu mpaka khumi, muziwadyetsa pang'ono kamodzi patsiku. Ngati mukudziwa wina amene sefa yake ikugwira kale ntchito ndipo nsomba zake sizikudwala, pemphani thumba limodzi la zodzazamo zake, mulinyamule lili lonyowa. Limafupikitsa nthawi kwambiri. Manyowa a nkhuku kapena a ng'ombe musayambire, chifukwa amabweretsa majeremusi m'madzi amene mukulimamo ndiwo zodya zosaphika.

Yezani madzi masiku awiri alionse. Poyamba amoniya amakwera. Kenako amatsika, nitrite n'kukwera. Pamapeto nitrite amatsika, nitrate n'kuyamba kuoneka. Amoniya kapena nitrite akadutsa miligalamu imodzi pa lita, lekani kudyetsa tsiku limodzi kapena awiri. Akapitirirabe, sinthani gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi. Nsomba sizifa ndi njala ya masiku awiri, koma nitrite amalepheretsa magazi awo kunyamula okosijeni. Zonse ziwiri zikakhala pafupi ndi ziro kwa sabata yathunthu, wonjezerani nsomba pang'onopang'ono, osati zonse tsiku limodzi.

pH ikhale pakati pa 6 ndi 7. Sefa ikakhwima pH imatsika yokha chifukwa ntchito ya mabakiteriya imatulutsa asidi. Ikatsika pansi pa 6, ikani zikhokhombe za mazira zowiritsa ndi zosinja m'kathumba, mukapachike m'thanki yapansi. Ikakwera kupitirira 8, makamaka nyengo yotentha, amoniya yemweyo amakhala woopsa kowirikiza.

## 9. Kusamalira

Tsiku lililonse, pakatha ola nsomba zitadya, tsegulani mpopi wa mgolo woyamba mwamphamvu, osati pang'onopang'ono. Poyamba pamatuluka phala lakuda, kenako madzi otuwa, kenako oyera. Tsekani akayera, kawirikawiri pamalita 5 mpaka 10. Siyani chidebe chidikhe theka la ola, madzi apamwamba mubwezere m'thanki yapansi, matope mukathire patsinde la nthochi, papaya kapena m'munda wa mpiru. Ndi manyowa abwino kwambiri, koma asakhudze masamba.

Kamodzi pa sabata zimitsani pampu, pukutani makoma a mgolo woyamba ndi chidebe ndi burashi, mutaye madzi akudawo. Tsegulaninso mpopi wa mgolo wachiwiri kwa masekondi ochepa.

Neti ya mumgolo wachiwiri ikalemera ndi matope, ichotseni gawo limodzi mwa magawo atatu, muitsukuluze m'chidebe cha madzi ochokera m'thanki momwemo, muibwezere isanaume. Utoto wofiirira woterera umene uli paulusi ndiwo mabakiteriya anu, choncho cholinga si kuyeretsa. Gawo lina mudzatsuke sabata yotsatira.

Magetsi akazima musadyetse nsomba. Kapampu ka mpweya ka batire la mavoti 12 kapena ka sola kamapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya omwe. Ngati kalibe, tungani madzi ndi chidebe n'kumawathira kuchokera m'mwamba m'thanki ya nsomba ndi mumgolo wachiwiri pafupipafupi. Magetsi akakhalitsa maola ambiri, nunkhizani migolo musanayatse pampu. Ngati mukumveka fungo la dzira lowola, tayani madzi a m'migolomo kaye, asapite ku nsomba.

## Zolakwika zofala

Kudyetsa madeya. Padamu lokumba madeya amagwira ntchito chifukwa otsala amadyetsa tizamoyo ta m'madzi timene nsomba zimadyanso. M'thanki amangosungunuka, kudetsa madzi ndi kutseka neti m'masiku ochepa. Gwiritsani ntchito chakudya cha timibulu toyandama, ndipo chimene sichinadyedwe pakatha mphindi 30 chiwoleni.

Kuika siponji kapena nsalu panjira ya madzi. Imagwira litsiro bwino kwambiri tsiku loyamba. Lachitatu yatsekeka, madzi asefukira. Mchenga ndi makala osinja, zimene anthu amatengera ku masefa a madzi akumwa, zimachita chimodzimodzi. Ndipo madzi otuluka m'sefa iyi si akumwa ngakhale aoneke oyera chotani.

Kusiya matope sabata yathunthu. Akayamba kuwola amatulutsa mpweya umene umawanyamula, ndiye mumapeza zibuma zakuda zikuyandama mumgolo woyamba n'kumalowera mu wachiwiri. Mukaona zimenezi, tayani matope kawiri patsiku mpaka zitasiya.

Kutsuka zodzazamo zonse tsiku limodzi ndi madzi a pampopi. Sefa imabwerera pa tsiku loyamba pamene thanki yadzaza nsomba zazikulu. Zikachitika, chepetsani chakudya kufika pa kota, yezani madzi tsiku lililonse, ndipo werengerani milungu itatu.

Kuthira mankhwala a nsomba zodwala m'thanki yaikulu. Mankhwala opha majeremusi amaphanso mabakiteriya a m'sefa, ndipo mchere wambiri umawotcha mbewu. Nsomba yodwala ichiritsireni m'chidebe chapadera. Mankhwala opopera nsabwe za m'masamba nawonso amathera m'madzi omwewo.

Kuiwala kuti nsomba zimakula. Ana a nsomba 40 a magalamu 20 ndi magalamu 800 okha, koma akafika magalamu 250 aliyense akwana makilogalamu 10, malire a sefa imeneyi. Chizindikiro choti mwafika pamalire ndi nitrite amene sakutsikanso kufika pa ziro ngakhale mukutaya matope tsiku lililonse. Pamenepo vuulani nsomba zikuluzikulu mudye, kapena lumikizani mgolo wachitatu wofanana ndi wachiwiri, bowo lake lotulukira likhale masentimita 15 pansi pa A.